KAUFITI WA MUMTIMA

A mumpingo mwathu, ndi inu nonse amene mumatitsatira pano pa Facebook, kaya muli ku Malawi konkuno, kaya ku Joni, ku UK kapena kwina kulikonse, chisomo chikhale nanu. Uthenga wa lero ndi wautali ndithu. Ngati bundle yatsala pang'ono, yambani mwawerenga uno, mavidiyo aja sathawa, muwapeza.

Lero ndikufuna ndiyankhule ndi munthu amene sanamusiye Mulungu. Mwamva bwino eti? Amene sanamusiye. Woledzera tidzayankhula naye tsiku lina, wachigololo nayenso tsiku lake lilipo. Lero ndabwerera inu amene dzina lanu likadali m'kaundula wa mpingo, chakhumi mumapereka, nyimbo zonse mumazidziwa, kukakhala ukwati yunifolomu mumasoketsa, koma mukakhala panokha mukudziwa kuti pamoto paja patsala phulusa lofunda basi. Simunachite tchimo loti akulu a mpingo akuitaneni. Palibe angakulozeni chala. Koma wina atakufunsani kuti munagwada liti komaliza muli nokha m'chipinda, kupatula kutchalitchi ndi pa chakudya, muyamba kuwerenga zala.

Amene munakulira kumudzi mukumudziwa kaufiti. Ine ndinakulira ku Ntcheu, ndipo mbali ina ya munda wa amayi anga inali yoguga, kaufiti anali atakhazikikamo. Kwa inu ana a m'tauni, kaufiti ndi kaudzu kakafupi, ka maluwa ofiira okongola kwabasi. Ndili mwana ndinkathyola maluwawo n'kumaseweretsa. Tsiku lina amayi anandiuza kuti, "Mwana wanga, ukaona maluwa amenewa atuluka, dziwa kuti wadya kale ameneyu."

Ndinadzamvetsa nditakula. Njere za kaufiti ndi zazing'ono ngati fumbi, ndipo zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa 10 osamera, kungodikira. Zimadzuka zikamva kuti pafupi pali mizu ya chimanga kapena mapira. Zikamera sizithamangira kutuluka kunja ayi. Zimakakamira pa muzu wa chimangacho pansi pomwepo, n'kuyamba kuyamwa madzi ndi chakudya chimene chimanga chinayenera kudya. Mlimi akamayendera munda saona udzu uliwonse. Amangoona chimanga chikupinimbira, masamba akuchita chikasu, akufota ngati kuli ng'amba pomwe mvula ikugwa bwinobwino. N'chifukwa chake makolo anautcha kaufiti, poti munda umaoneka ngati walodzedwa. Pofika nthawi yoti maluwa ofiira aja aonekere pamwamba, zokolola zinapita kale. Phesi lilipo, laima pamzere ndi anzake, koma chisononkho mulibe.

Abale anga, Ambuye Yesu anayankhulapo za munda wotere. Mukawerenga Marko mutu 4, pa fanizo la wofesa mbewu, pali nthaka za mitundu 4. Mbewu ya panjira inadyedwa ndi mbalame. Ya pathanthwe inapsa ndi dzuwa. Koma ya paminga, taonetsetsani, Ambuye sananene kuti inazulidwa. Inamera, inakula pamodzi ndi minga ija, kungoti sinabereke kanthu. Ndipo pa ndime 18 ndi 19 akutchula minga itatu: nkhawa za moyo uno, chuma chimene chimanamiza munthu, ndi kusirira zinthu zina. Pamndandanda umenewu mulibe mowa. Mulibe ufiti, mulibe kuba. Muli zinthu zimene tonsefe timadzuka nazo m'mawa uliwonse.

Pitaninso pa Luka 14, pa fanizo la phwando lalikulu. Anthu atatu anakana kubwera. Woyamba anali atagula munda, amafuna akauone. Wachiwiri anali atagula ng'ombe za pagoli, magoli 5, amafuna akaziyese. Wachitatu anali atangokwatira kumene. Tandiuzani, pamenepa tchimo lili pati? Kugula munda ndi tchimo? Ng'ombe ndi tchimo? Ukwati si ife abusa amene timadalitsa? Zonsezi ndi zinthu zimene munthu amaimirira nazo kutsogolo kwa mpingo n'kuchitira umboni, ife n'kuwomba m'manja. Koma ndi zomwezo zimene zinawatsekera kunja kwa phwando. Satana ndi wochenjera, abale. Akaona kuti simungagwe ndi zoipa, amakutangwanitsani ndi zabwino.

Ndikupatseni umboni wa m'bale wina wa mumpingo mwathu. Wandilola kuti ndinene, dzina lokha sinditchula.

M'bale ameneyu ankapalasa kabaza wa njinga yakapalasa. Pa mapemphero a 5 koloko m'mawa ndiye ankayamba kufika, nthawi zina ankandipeza ndisanatsegule n'komwe chitseko. Mu June kukuzizira chonchija, iye ali pakhomo ndi kajekete kake kong'ambika pachigongono. Pempho lake linali limodzi: njinga yamoto. Tinapemphera naye, tinasala naye kudya. Patapita nthawi m'bale wake wa ku Joni anamutumizira kangachepe, iye n'kuonjezera ndi ngongole, njinga inagulidwa. Tsiku limene anabwera nayo kutchalitchi tinaisanjika manja, amayi analulutira, mkazi wake analira ndi chimwemwe. Mulungu anayankha, ndipo mpaka lero ndimanena kuti anali Mulungu.

Mwezi woyamba anasiya mapemphero a m'mawa. Chifukwa chake chinali chomveka: nthawi imeneyo ndi imene anthu amathamangira kuntchito ndi kumsika, ndiye kasitomala amakhala wambiri. Kenako Lachitatu madzulo sankaonekanso. Kenako Lamulungu anayamba kufika ulaliki uli pakati, chipewa cha njinga chili m'manja, n'kutuluka tisanadalitse. Kenako zii. Ndikakumana naye pamsewu ankaima mwaulemu ndithu, n'kunena kuti, "Abusa musadandaule, ine Mulungu sindinamusiye. Ndikungothamangitsa ngongoleyi, ikatha mundiona." Ngongole inatha. Anayamba kusunga ya njinga yachiwiri. Chakhumi ankatumiza pa foni mwezi ndi mwezi osaphonya, mwini wake osaoneka.

Tsiku lina mkazi wake anabwera kunyumba kudzaonana ndi ine pamodzi ndi amayi busa. Anakhala pamkeka nthawi yaitali osayankhula. Kenako anati, "Abusa, sindikudziwa kuti ndidandaule chiyani. Bambo akunyumba samwa, za akazi sindinamvepo, ndalama akusiya, ana akudya. Koma m'nyumba mwathu mwazizira." Ndiye anatiuza chimene chinamudzutsa kuti abwere. Dzulo lake anauza mwana wawo wamwamuna, wa zaka 6, kuti apempherere nsima. Mwana anayankha kuti, "Kupemphera ndi kwa azimayi. Adadi sapemphera."

Abambo amene mukuwerenga, imani kaye pamenepa. Mwana uja palibe anamuphunzitsa mawu amenewo. Anangoona.

M'mawa mwake ndinapita pa siteji pamene m'baleyu amaima. Ndinakwera njinga yake ngati kasitomala wina aliyense. Titayenda pang'ono ndinamuuza kuti aime pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu. Ndinamufunsa kuti pa ola limodzi amapanga zingati zinthu zikamayenda bwino. Ananena. Ndinatulutsa ndalamayo n'kumupatsa, ndinati, "Achimwene, ola ili ndagula ine. Zimitsani injini." Anakana kulandira, ine ndinaumirira. Tinakhala pansi.

Ndinamufunsa funso limodzi lokha: "Njinga iyi anakupatsani ndani?" Anati Mulungu. Ndinati, "Nanga amene anakupatsaniyo munayankhula naye liti komaliza?" Anayang'ana pansi nthawi yaitali. Kenako ananena mawu amene sindidzawaiwala. Anati, "Abusa, Lamulungu ndi tsiku limene ndimapanga ndalama zambiri, chifukwa ndimanyamula anthu opita kutchalitchi. Ndimawatsitsa pageti, nyimbo ndikuzimva, ine n'kutembenuza njinga kukatenga ena. Tsiku lililonse ndimati sabata yamawa ndilowa." Munthu wamkulu, wa ndevu zake, misozi inagwera pa chipewa chija.

Sindinamuuze kuti agulitse njinga. Mulungu sapereka dalitso kuti alilandenso. Tinagwirizana zinthu ziwiri basi. Choyamba, injini isalire m'mawa iye asanakhale pansi ndi mkazi wake ndi ana, kuwerenga mawu ndi kupemphera, ngakhale mphindi 20. Chachiwiri, Loweruka usiku kiyi azimupereka kwa mkazi wake, azimulandira Lamulungu tikaweruka.

Tsopano tamverani, chifukwa apa ndi pamene alaliki ena amakunamizani. Sindikuuzani kuti sabata yomweyo anagula minibasi. Ayi. Ndalama zinatsika ndithu. Makasitomala ena a m'mawa anatengedwa ndi anzake a pa siteji. Njinga yachiwiri ija mpaka lero sanagule. Kukhala wokhulupirika kwa Mulungu kuli ndi mtengo wake, ndipo m'baleyu akuulipira sabata iliyonse. Koma bwerani Lamulungu mudzaone. Ali pa benchi yachitatu ndi banja lake, ndipo kamnyamata kaja kamene kankati kupemphera ndi kwa azimayi, lero ndi kamene kamalimbirana kutsegula pemphero ku Sande sukulu. Aleluya! Inu muwerengetsere nokha kuti chodula n'chiti pakati pa njinga yachiwiri ndi mwana ameneyu.

Mwina mukuti, abusa, ine ndilibe njinga. Chabwino. Kaufiti wanu ndi uti?

Kwa ambiri a ife ali m'manja momwemu, mukuwerengera uthenga unomu. Maso akangotseguka, dzanja lafika kale pansi pa pilo. Musanati zikomo Ambuye pondidzutsa, mwaona kale ma status a anthu 30, mwakwiya kale ndi nkhani ya ndale, mwasirira kale galimoto ya mnzanu wa ku sekondale. Pofika nthawi yoti mugwade, mtima wadzaza kale, Mulungu akupeza malo onse atakhalidwa. Usiku mumati ndingoona kamodzi TikTok, mukadzidzimuka ndi 12 koloko, pemphero lake n'kukhala la mawu atatu muli m'bulangete. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Achinyamata, mpira si tchimo, inenso ndimaonera Bullets ikamasewera ndi Wanderers. Koma taganizani. Mphindi 90 mumakhala tcheru osaphethira, akaonjezera zina mumakondwa. Ulaliki ukangodutsa mphindi 40 mwayamba kuyang'ana wotchi. Osewera 11 a Arsenal mumawatchula ndi a pabenchi omwe, koma ophunzira 12 a Yesu mumathera pa Petro, Yohane ndi Yudasi. Ndipo ena mpirawo unakulowetsani ku kubetcha, moti Lamulungu manja ali m'mwamba kutamanda, mtima uli pa tikiti ili m'thumba.

Amayi anga, inu mumanyamula zambiri, ndikudziwa. Geni, banki m'khonde, komiti ya ukwati, bridal shower, maliro, zinkhoswe, kuchipatala kukazonda odwala. Zonsezi n'zofunika, ndipo mudzi umayenda chifukwa cha inu. Koma kumbukirani Marita pa Luka 10. Iye sanali kubala, anali kukhitchini, kuphikira Yesu amene. Komabe Ambuye anayamikira Mariya amene anakhala pansi kumvetsera. N'zotheka kutumikira Yesu tsiku lonse osakhala naye pansi ngakhale mphindi 5. Mawu amenewa akutikhudzanso ife abusa, oyimba kwaya, ma usher ndi a komiti ya zomangamanga. Ntchito ya Mulungu ikhoza kudya nthawi ya Mulungu mwini wake.

Inu a kunja, mumandilembera ku inbox kuti abusa kuno ndi ma shift okhaokha, Lamulungu amalipira bwino, kumudzi akudikira fizi ndi feteleza. Ndikumva, ndipo sindikuweruzani. Ndingokukumbutsani kuti munapita kumeneko mutasanjikidwa manja, pasipoti tinaipempherera. Musalole kuti mudzabwerere ndi nyumba ya malata a mtundu, mzimu utatsala pa bwalo la ndege.

M'Baibulo muli munthu wina amene sitimulalikira kawirikawiri, dzina lake Dema. Amatchulidwa katatu kokha. Pa Filemoni ndime 24, Paulo akumuwerengera pamodzi ndi Marko ndi Luka ngati wantchito mnzake. Pa Akolose 4 ndime 14 akupereka moni limodzi ndi Luka sing'anga uja. Koma pa 2 Timoteo 4 ndime 10, Paulo ali m'ndende chakumapeto kwa moyo wake, akudandaula kuti Dema wamusiya, wapita ku Tesalonika chifukwa chokonda dziko lino. Sitikuuzidwa kuti anaba chopereka kapena anagwidwa ndi mkazi wa mwini. Anangokonda zina. Munthu woyenda ndi Paulo, wodya mbale imodzi ndi olemba Uthenga Wabwino! Ngati zinamuchitikira Dema, ine ndi inu tisadzinamize kuti ndife otetezeka chifukwa tinabadwanso mwatsopano kalekale.

Nanga tichite bwanji? Tibwerere kumunda kuja. Alangizi a zaulimi amatiphunzitsa zinthu zitatu zothana ndi kaufiti, ndipo zonse zili ndi phunziro.

Choyamba, amati muzuleni asanachite maluwa, chifukwa kamtengo kamodzi kamabala njere zikwizikwi, ndiye mukamulekerera chaka chino mwadzalira mavuto a zaka zambiri. Inunso musadikire kuti ngongole ithe, ana amalize sukulu, nyumba ifoleredwe. Mawu akuti "zikakhazikika ndidzabwerera" akwirira akhristu ambiri. Zinthu sizidzakhazikika, abale. Vuto ili likatha, lina lili pakhomo likuodira. Chitchuleni dzina chinthu chimene chikukuyamwani, lero lomwe, ndipo chiikireni malire. Kwathu foni zimagona pabalaza, sizilowa kuchipinda. A mumpingo akudziwa kuti nthawi isanakwane 6 koloko m'mawa sindiyankha mauthenga, pokhapokha pakhale matenda kapena zovuta, ndipo pamenepo amadziwa kugogoda pakhomo. Ena poyamba anakhumudwa, amati abusa ayamba kudzimva. Koma ndingakupatseni chiyani ine ngati sindinayambe ndalandira?

Chachiwiri, kaufiti amakonda nthaka yoguga. Munda wothiridwa manyowa okwanira chimanga chake chimalimba, kaufiti mphamvu zimamuchepera. Mtima wopanda mawu a Mulungu ndi nthaka yoguga, chilichonse chimamera. Musayambe ndi zazikulu zoti mulephere pa Lachitatu. Buku la Marko lili ndi mitu 16 yokha. Mutu umodzi patsiku, m'masiku 16 mwamaliza buku lonse. Tsiku lili ndi mphindi 1,440. Mukapatula 30, zotsala 1,410 ndi zanu. Sabata ili ndi maola 168, mapemphero a Lamulungu amatenga atatu. Ndiye tinene zoona pamaso pa Mulungu, vuto ndi nthawi?

Danieli anali mmodzi wa akuluakulu atatu oyang'anira akalonga 120 mu ufumu wa Dariyo. Kunena kwa masiku ano tingati nduna yaikulu, mafayilo ali mbwee patebulo. Koma ankagwada katatu patsiku, mazenera otsegula kuloza ku Yerusalemu. Lamulo loletsa kupemphera litasainidwa sanayambe pemphero lachilendo, anangopitiriza zimene ankachita kale. Mphamvu yoima pa dzenje la mikango inachokera m'masiku wamba aja, pamene panalibe womuona. Ambuye Yesu nawonso, pa Marko 1 ndime 35, dzulo lake mudzi wonse unali pakhomo ndi odwala, koma analawira kukadali mdima kupita kwayekha kukapemphera. Ngati Mwana wa Mulungu anaona kufunika kopatula nthawi, kuli bwanji ine ndi inu?

Chachitatu, amati chitani kasinthasintha wa mbewu. Pamene panali chimanga dzalanipo soya kapena mtedza. Njere za kaufiti zimamera, koma zikasowa muzu woyamwa zimafa zokha. Kusala kumagwira ntchito chomwechi. Musamangosala nsima yokha. Salani foni tsiku limodzi pa sabata. Salani mpira mwezi umodzi. Salani gulu lija la WhatsApp limene mukatulukamo mumakhala mutakwiya. Mudzadabwa kuona mmene thupi lidzavutikire masiku atatu oyamba, dzanja likungopita lokha m'thumba. Kuvutika kumeneko ndiye umboni woti chinthucho chinali chitagwira muzu. Pirirani, chikasowa choyamwa chifa.

Ndionjezere chimodzi chimene alangizi sanena koma m'bale uja anatiphunzitsa: perekani kiyi kwa wina. Nokha mudzadzikhululukira tsiku lililonse. Pezani munthu mmodzi, mkazi wanu, mwamuna wanu, mnzanu wa mu cell, amene ali ndi ufulu wokufunsani kuti, "Lero mwapemphera?" inu osakwiya.

Okondedwa, mapanga awiri avumbwitsa. Mulungu sakukuletsani kugwira ntchito, waulesi Baibulo silimuyamikira. Limani, gulitsani, phunzirani, kwatirani, mangani nyumba. Chimene akufuna ndi malo oyamba, ndipo malo amenewo sagawana ndi wina. Mpingo wa ku Efeso pa Chivumbulutso 2 unayamikiridwa pa ntchito, pa kupirira, pa kukana aphunzitsi onyenga. Ambuye anaudandaula pa chinthu chimodzi, kuti chikondi chake choyamba chinali chitazirala. Ndipo mankhwala amene anapereka ndi osavuta kumva: kukumbukira pamene unagwera, kulapa, ndi kuyambiranso zimene unkachita poyamba. Munkadzuka usiku kupemphera? Yambiraninso. Munkayimba mukutsuka mbale? Yambiraninso. Khomo likadali lotsegula, ndipo Atate sakukudikirani ndi chikwapu.

Tiyeni tipemphere limodzi, pomwe mulipo pomwepo.

Atate wathu wakumwamba, ndikupempherera mwana wanu amene wawerenga mpaka pano. Inu mukudziwa chimene chikuyamwa mizu yake pansi pamene anthu saona. Muonetseni ndi Mzimu wanu Woyera, mumupatse kulimba mtima koti achizule. Madalitso amene munamupatsa asasanduke mpanda pakati pa iye ndi Inu. Yatsaninso moto paguwa la m'nyumba mwake. Ana ake amuone akugwada. Amene ali kutali ndi kwawo muwasunge, amene athodwa ndi ngongole ndi nkhawa muwapumulitse. M'dzina lamphamvu la Yesu Khristu, Amen.

Masiku onse ndimati lembani Amen. Lero musathamangire kulemba. Yambani mwazimitsa data, ikani foni pansi, lowani kuchipinda mphindi 10 muyankhule ndi Atate wanu. Mukatuluka, ngati mukufunabe, bwerani mudzalembe Amen wanuyo, ndipo mutumizireko munthu mmodzi amene mwamukumbukira pamene mumawerenga.

A mumpingo, mapemphero a 5 koloko m'mawa akupitirira Lolemba mpaka Lachisanu. Chitseko chidzakhala chotsegula. Ndimakukondani nonse, Ambuye akusungeni. Shalom.